Chigoba M'chitini cha Shuga

Celina atavundukula chitini cha shuga, anapezamo chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere chimene anawasiyira bambo ake chaka chatha. Chinali chobenthuka m'mphepete, m'kati mukunyezimira ngati nkhungu ya ku Domwe dzuwa likamatuluka.

"Ababa, ichi chikutani muno?"

"Si unati kushikola kwanuko mwapeza kuti mapuloteni ake ali ndi timanja togwira shuga, n'kumamanga chigoba? Ndimati mwina chilumikizika."

Panja chapa, minibasi yopita ku Tete, inaliza buzina. Celina anafuna kunena kuti shuga amene mapuloteniwo amagwira si ameneyu, kuti chigoba chopanda mwini sichikulanso. Maso ake anagwera pa mpando wa malemu mayi ake, umene bambowo ankaupukutabe m'mawa uliwonse.

Anachikwiriranso bwinobwino m'shugamo.

"Muzivundikira, ababa. Chimachedwa kupola."