Makina a Abwana Anagona ku Area 25

Zaki, dalaivala wa kampani yofufuza miyala, anafika ku Area 25 dzuwa litalowa, msana uli phwaa. Mphamvu zokasiya makina a abwana ku Kanengo analibe, anangowakoleka paphewa osawazimitsa n'komwe.

Makinawo ankawadziwa bwino. M'kati mwake muli kamwala konga galasi. Mphamvu yosaoneka yochokera m'miyala ya yureniyamu ikakagunda kamathwanima, ndipo kakathwanima makina amati thi. Kumapiri a ku Karonga ankalira ngati nkhululu, koma kuno ankangoti thi mwa apo ndi apo.

Pampopi wotsekedwa wa pafupi ndi kwawo panakhala bambo wina, fumbi lachikasu mpaka m'nsidze.

"Mwaswera bwanji, abambo?" anatero Zaki.

M'malo mwa bamboyo anayankha ndi makina aja, kulira kosalekeza.

Zaki anakweza phazi, ndipo polowa m'nyumba makina anali atatonthola. Anavula nsapato, mkazi wake Hanifa akumuthirira madzi osamba.

Thi. Thi. Thi-thi-thi-thi.

"Odi," anamveka mawu panja.

Zaki, atakumbukira bambo wa pampopi uja, anati atsegule pakamwa kuti aletse, koma Hanifa, yemwe chibadwire sanasiyepo mlendo pakhomo, anali atayankha kale.

"Lowani."