Kadontho Kachisanu ndi Chiwiri

Pakhoma la nyumba iliyonse m'mudzimo panali tchati cha kufakitale ya matumba: mizere iwiri yofiira, ndi timadontho tosonyeza mmene wantchito wasokera tsiku lililonse. Timadontho ta Esinati sitinadumphepo mzere wofiira, koma tisanu ndi kamodzi tinali titatsika motsatizana. Tikakwana tisanu ndi tiwiri, akufakitale ankabwera kudzachotsa chimene chikusokoneza wantchitoyo. Kwa a Kamwendo anachotsa wailesi. Kwa a Chisale anachotsa khanda lolira.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri Esinati anapeza amayi ake odwala, amene ankawasambitsa asanapite kuntchito, atasamba kale okha, atavala nsapato, ali phee pakhonde.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Sindikupita kulikonse, mwanangu. Ndikungofuna andipeze nditasamba."