Kabokosi Kopanda Chaka cha Bwana

"Zolembalemba zatha, mayi," anatero Katswiri, mkulu wopanga mapulogalamu a kompyuta, akukankhira kumbali buku la mlembi wa pachipatala. "Wodwala akabwera, mungodina kabokosi aka, mndandanda utsike, musankhe. Ngakhale mbuzi ikhoza."

Mayi mlembi anadziwa kuti kabokosiko kakayenda bwino, mpando wawo wapita. Anasuzumira mndandanda wa zaka zobadwa, naona kuti wathera pa 1960.

"Nanga akale, bambo?"

"Amenewo akusakanji kuno? Malo awo ndi kumanda."

Mayiwo anatola buku lawo, nalisunga.

Tsiku loonetsa pulogalamuyo, mayiwo anawerama mwaulemu pamaso pa dokotala wamkulu. "Bwana, yambani ndinu."

Dokotalayo, mutu uli mbuu ndi imvi, anadina, natsitsa mndandanda mpaka pansi. Anapukuta magalasi, natsitsanso.

"Chaka changa chili kuti?"

Katswiri uja anayandikira msangamsanga. "Ingosankhani chapafupi, bwana."

"Akuti malo anu ndi kumanda," mayiwo anamuthandiza kuyankha.

Dokotala anatseka kompyuta, nawauza mayiwo kuti abwerere ku buku lawo. Iwo ananyowetsa chala, natsegula tsamba.

"Nanunso sankhani, a Katswiri. Khomo lakumaso kapena lakuseri?"