Hatibu Anakaona Msewu Yekha

Panali bambo wina ku Mtendere, mu Lusaka muno, dzina lake Hatibu, ndipo amene anandiuza akuti nkhaniyi inachitikadi. Ntchito yake inali yowotcherera mageti ku Kalingalinga. Pakhomo ankakhala ndi mkazi wake Abiba, mwana wawo Jasmin, ndi bambo ake okalamba, Che Sultan.

Che Sultan anachoka kwawo ku Nkhotakota ali mnyamata, atakwera pamwamba pa lole ndi makina awo osokera, ndipo sanabwererenso. Mayi awo anamwalira iwo ali kuno. Atakalamba, mtima wawo unangotsalira pa chinthu chimodzi: kukaima pamanda a mayi awo, kuwachitira pemphero la dua, ndi kuswali mumzikiti wakale umene anaphunziramo ali mwana. Akayamba kukamba za msewu umene anadzera, tiyi ankachita kuzizira m'kapu. Ankatchula Mchinji, Chipata, Petauke, mapiri a ku Luangwa ndi mlatho wake, ngati akutchula mayina a abale.

Tsiku lina Hatibu anatulukira ndi njinga yamoto yogula kwa munthu, yolira ngati chigayo.

"Ababa," anatero, "chilimwe chino nikupelekani. Njila yamene munabwelela ndiye yamene tizapita."

Mkuluyo anagwira mpando wa njingayo, misozi ili lengelenge. "Mulungu akalola, mwanawe."

Komatu Hatibu anali munthu wokonda kukonzekera kuposa kunyamuka. Chilimwe chimenecho anati matayala ndi osadalirika. Atagula matayala, mvula inayamba. Mvula itatha anati kukuzizira, nkhalamba ingadwale chifuwa. Kenako Ramadhani. Kenako anamasula mpando wakumbuyo kuti awotchererepo chotsamira, ndipo chotsamiracho chinatha miyezi, chonsecho geti la munthu ankalimaliza dzuwa lisanalowe. Anzake onse a ku Kalingalinga anaudziwa ulendowo pamtima: pomwe adzamwere mafuta, pomwe adzajambulitse, pomwe adzagone. Njinga yokha ndi imene sinkadziwa kuti ili ndi ulendo.

Abiba analephera kupirira, ndipo anamuuza mwamuna wake maso ndi maso.

"Bashi Jasmin, ba tate basila mphamvu. Bakwezeni chabe basi, muyende manje manje."

"Iwe, basi ni ya aliyense. Nifuna tikangene kumunzi na njinga, bantu bakaone kuti Che Sultan banabala mwana."

"Beve bafuna manda ya bamai babo, osati kuonewa."

"Vinthu vabwino sibathamangila," anatero Hatibu, n'kupitiriza kupukuta galasi la njinga.

Che Sultan sankadandaula. Kutentha kukayamba ankangofunsa motsitsa mawu, "Kodi chilimwe chake si chino?" Zinkamvetsa chisoni, chifukwa chaka chilichonse mawuwo ankatuluka ofooka kuposa kale.

Chilimwe china chitafika, Hatibu anati tsopano zatheka, koma ayambe wakauona yekha msewu. Akadziwe pamene pali maenje, pamene pali mzikiti, ndi pamene amagulitsa nyama yozingidwa mwa Chisilamu. Abiba anamuuza kuti bambo sanadye bwino sabata yonse, ndipo ngati akupitadi, akawatsanzike kaye.

"Nikabauza bazalila kuti nibatenge. Nikagona usiku umozi chabe."

M'mawa analiza njinga n'kunyamuka osalowa m'chipinda cha bambo ake.

Msewuwo unali wokongoladi. Atadutsa Chongwe ndi Rufunsa, mapiri anayamba monga momwe mkulu uja ankanenera. Hatibu ankaima paliponse n'kujambula, mtima uli m'malere, akuganiza mmene bambo ake akasangalalire poona zithunzizo. Anajambula mpaka foni inazima asanawoloke Luangwa, ndipo chaja anali ataiwala kunyumba. Sanade nkhawa. Anakagona ku Nyimba, kutacha n'kutembenuka.

Atalowa mu Mtendere anapeza mphasa zitayalidwa pabwalo pake, azibambo atakhalapo. Anazimitsa njinga. Abiba anatuluka m'nyumba maso ali psuu.

"Ba tate batisiya dzulo m'mawa. Tinatuma foni, tinatuma, siinangene. Tinabaika dzulo lamene, pambuyo pa swala ya masana."

"Osaniyembekeza? Ine mwana wabo?"

Koma yankho ankalidziwa yekha. Asilamu sagoneka maliro podikira munthu amene sakudziwika kumene ali. Iye mwini anali atanyamulapo maliro a anthu ambiri pa jeneza, ana awo akali m'njira.

Anakhala pansi pafumbi. Kenako anafunsa, "Banakambako chilichonse?"

Abiba anazengereza, koma anaona kuti kubisa sikuthandiza.

"Banamvela njinga pamene munailiza. Bananiitana kuti nibapase nsapato na chisoti chabo. Banankhala pa bedi, bavala, kuyembekeza kuti muzangena. Pamene kulila kwa njinga kunasila, bananifunsa kuti, 'Wapita kwathu osanditenga?'"

Hatibu analira ngati mwana, anthu akumugwira. Madzulo ake anamuperekeza kumanda. Anagwada pa dothi lofiira lija, nachita dua, kenako anthu anamumva akunena chapansipansi, "Ababa, sin'nafike. N'nangoyenda kukaona njila."

Phunziro: Kholo likapempha chinthu, lichitireni lero ndi zimene muli nazo, ngakhale zikhale zosaoneka bwino pamaso pa anthu. Inu muli ndi chilimwe china, koma iwo mwina alibe. Ndipo musatuluke pakhomo osatsanzika wodwala. Tumizirani ena uthengawu, makamaka uja amene wakhala akuuza makolo ake kuti "chaka chamawa".