Chidole Chofiira cha Malemu Fortune

"Mwagulitsa ndinu, alamu! Katundu wa malemu asanagawidwe n'komwe!"

Yoswa ankaloza mpata wa pashelefu. Mkulu wake Fortune anasiya mzere wa zidole za maloboti, zachitsulo, zamtengo wapatali, zomwe ankaitanitsa ku Joni ntchito ya kufakitale isanafe. Chofiira chija, chomwe ankachipukuta ndi mpango Lamulungu lililonse, panalibe.

Dorika, mkazi wa malemuyo, sanakane. "Ana anga adye chitsulo? Eusébio wa kumsika wandipatsa ndowa ya chimanga."

Yoswa anatuluka akulalata. Magetsi anali atazima m'dera lawo lonse la Rutendo. Anapita atakonzekera ndewu, koma Eusébio anangomupatsira thumba pazenera, lomangamanga, osatsegula n'chitseko chomwe.

"Tenga, shamwari, mnzanga. Chimangacho musabweze."

Pobwerera thumba linayamba kulemera. Analisintha phewa. Kenako m'kati munamveka kuti kwe, kwe, ngati bondo lachitsulo likuwongoka, chonsecho chidolecho sichinkayendera mabatire. Iye akaima, phokosolo linkalekanso.

Analowa m'nyumba thukuta lili kamukamu. Dorika anali chilili pakati pa chipinda, kandulo ili m'manja, maso ali pashelefu. Chofiira chija chinali pamalo pake, mapazi ali ndi matope aawisi, pomwe mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

Thumba linagwedezeka pamsana pa Yoswa.

"Alamu, mwayambitsa ndinu zimenezi. Ngati chidole chili apo, ine ndasenza chiyani? Ndiyankheni!"