Jeke Pamchenga

Mkulu wina wotsimphina anangolowa pabwalo, n'kuima pafupi ndi mapazi a Brighton.

Brighton anali chagada pansi pa galimoto yake, akulimbana ndi shoko yakutsogolo. Mawa lake ankayenera kukaonekera koyamba kwa makolo a bwenzi lake Keziya, ndipo sankafuna kukafika ndi galimoto yogogoda. Jeke anaiimika pamchenga, n'kusanja njerwa zitatu pambali pake zochirikiza galimoto.

"Tuluka kaye, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Jeke ndi yokwezera basi. Njerwa zimanyenyeka."

"Madala, ngati ndi ya kachasu, kapempheni kumsika ku Uliwa."

Mkuluyo anakankhira tayala limene Brighton anachotsa pansi pa galimoto, n'kutchinga lakumbuyo ndi mwala. Asanaweramuke, jeke inapendama, njerwa zinaphwanyika, galimoto n'kukhala patayalapo. Chitsulo chinaima chala chimodzi pamwamba pa chifuwa cha Brighton.

Anatuluka chokwawa, mchenga uli m'kamwa, maso akukana kudzuka.

"Pepani, adada. Ndinu ndani?"

Mkuluyo anasasa fumbi m'manja mosafulumira.

"Mwana wanga Keziya amati ndiwe munthu waulemu. Ndine Mwakikunga, wa ku Mlare."