Malovu Pagalasi

Achimwene ankatiuza pa foni ya vidiyo kuti tisiye kukayika, tisamukire kudziko limene iwo akukhala, pamene botolo linawaswekera m'mutu.

Foni inagwa chagada. Tinaona mitambo, kenako nsapato zikukwera ndi kutsika. Wina ankalira ngati nyani, anzake ali chikhakhali.

"Thawani, alamu! Thawani!" anakuwa amuna anga, uku akufinya mapu a mayiko awiri amene tinkavutika kusankhapo loti tikhalemo.

Mnyamata wa khungu loyera anatola foniyo, magazi a achimwene ali m'zala. Anatiyang'ana mmodzimmodzi: ine, amuna anga, kenako mwana wathu wamkazi, yemwe anamukwezera dzanja monga tinamuphunzitsira kupereka moni kwa alendo.

Mnyamatayo anakoka makhololo, n'kulavulira pagalasi.

Malovuwo anatsetsereka mpaka pakona pomwe pamaoneka kankhope ka mwana wanga. Ndinapukuta ndi mkono wa malaya. Ndinapukutanso, mwaukali, mpaka foni inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Amayi, sachoka amenewo," anatero mwanayo. "Ali mbali ya kwa amalume."